Kukonza Zithunzi za pa Parishi pa Kompyuta ndi pa Foni: Ntchito Zake ndi Zovuta Zake

Kukonza chithunzi ndi ntchito yosintha maonekedwe a chithunzi chimene chajambulidwa kale, monga kuchidula m'mbali, kuchiwongola, kuchiwalitsa, kuchichepetsa kapena kuchotsa zipsera zimene chatenga pokalamba. Kale ntchitoyi inali ya anthu a ku situdiyo okha. Wojambula wa ku Chileka, ku Lunzu kapena ku Lirangwe ankafika pa tchalitchi ndi kamera ya filimu, kenaka n'kukatsukitsa zithunzizo m'tauni ku Blantyre kapena ku Limbe, ndipo eni ake ankadikira masiku angapo asanadzione. Masiku ano pa ubatizo, pa Ulimbitso kapena pa ukwati woyera mafoni ojambula amachuluka kuposa mabuku a nyimbo, ndipo udindo wokonza zithunzi wagwera makatekisiti, alembi a miphakati ndi achinyamata a m'makomiti ofalitsa nkhani.

Zithunzi zimenezi ndi mbali ya mbiri ya mpingo. Mwana amalandira Ukaristia koyamba kamodzi kokha, ndipo tchalitchi chimadalitsidwa tsiku limodzi. Chithunzi cha tsikulo chikaonongeka pokonza, palibenso kubwerera kukajambula china.

Mapulogalamu ake

Pulogalamu yodziwika kwambiri ndi Photoshop ya kampani ya Adobe, imene inayamba kugulitsidwa mu 1990. Ndi yamphamvu zedi, koma kuyambira mu 2013 mitundu yake yatsopano imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, zimene maparishi ambiri a kumudzi sangakwanitse. Photoshop yokopera mwachinyengo, imene imayendayenda pa mafulashi, ndi yakuba ndipo kawirikawiri imabwera ndi mavairasi. Kompyuta ya parishi, imene mwina ikusunganso maina a obatizidwa, isaikidwe zoterezi.

Pa kompyuta pali GIMP, imene ndi yaulere ndiponso yololedwa kugawana. Inatulutsidwa koyamba mu 1996 ndi Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ndipo mtundu wake wa 3.0 unatuluka mu Marichi 2025. Ikaikidwa pa kompyuta sifuna intaneti. Pa foni pali Snapseed, ya kampani ya Google, yaulerenso, ndipo pa ntchito zambiri za pa parishi ndi yokwanira. Canva imathandiza popanga timapepala ta zidziwitso ndi makadi oitanira anthu, koma imadalira intaneti, choncho imadya bandulo. Maina a zida amasiyana pang'ono m'mapulogalamu amenewa, koma ntchito zake n'zofanana.

Chithunzi choyambirira chisakhudzidwe

Musanayambe kukonza, koperani chithunzicho ndi kugwirira ntchito pa chokoperacho. Choyambirira chikhale mu foda yakeyake. Chifukwa chake ndi ichi: zithunzi zambiri za m'mafoni ndi m'makamera zimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa JPEG, umene unakhazikitsidwa mu 1992. Kuti fayilo ichepe, JPEG imataya tizigawo tina ta chithunzi timene diso siliona msanga. Kungotsegula ndi kutseka sikuononga kanthu, koma nthawi iliyonse imene mwasintha china chake n'kusunganso, imatayanso tina. Zili ngati kuchita fotokope pepala limene ndi fotokope kale: lachisanu silifanananso ndi loyamba.

Ngati ntchito sinathe, isungeni mu mtundu wa pulogalamuyo, umene ndi XCF mu GIMP ndi PSD mu Photoshop. JPEG itulutsidwe kamodzi, kumapeto. Apa ndi pamene ambiri oyamba kumene GIMP amasokonezeka: amadina Save, fayilo n'kutuluka ya XCF, ndipo akaitumiza kwa bambo mfumu foni yawo imakana kuitsegula. Kuyambira mu 2012 GIMP inasiyanitsa zinthu ziwirizi. Save ndi yosungira ntchito imene mudzaipitirize, pamene chithunzi chotumiza kwa ena chimatulutsidwa ndi Export As.

Kudula ndi kuwongola

Chida cha Crop chimadula m'mbali, ndipo cha Rotate chimawongola chithunzi chopendekeka. Powongola, yang'anani chinthu chimene mukudziwa kuti ndi chowongoka, monga chitseko cha tchalitchi, mzati kapena m'mphepete mwa guwa. Yambani mwawongola musanadule, popeza kuwongola kumadya ngodya za chithunzi.

Pali msampha umodzi. Mafoni ambiri amajambula zithunzi za muyeso wa 4 kwa 3, pamene pepala lotsukira zithunzi la masentimita 10 kwa 15 ndi la muyeso wa 3 kwa 2, kutanthauza kuti ndi lopyapyala pang'ono. Makina a ku situdiyo amangodula okha chotsalacho, ndipo n'chifukwa chake zithunzi zina za kwaya zimabwera anthu a mzere wakumbuyo atadulidwa mitu. Dulani nokha pa muyeso wa 3 kwa 2 musanapereke, kuti musankhe ndinu chimene chitayike.

Nkhope zakuda, zovala zoyera

Vuto lalikulu la zithunzi za m'matchalitchi athu ndi kuwala. Kamera imayesa kuwala kwa chithunzi chonse n'kusankha pakatikati. Tsono pa tsiku la Ukaristia woyamba ana onse avala zoyera, wansembe wavala mkanjo woyera, nsalu ya pa guwa ndi yoyeranso. Kamera ikaona kuyera kochuluka chotere imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kuchepetsa kuwala, ndipo nkhope za ana zimasanduka mithunzi yopanda maso. Zomwezi zimachitika pamene anthu aima chofulatira zenera kapena khomo, komanso pojambula panja masana m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la ku Lirangwe limakhala pa liwombo ndipo mthunzi wa chipumi umaphimba maso.

Ambiri amathamangira ku Brightness. Chida chimenechi chimawalitsa chithunzi chonse, kotero nkhope zikayamba kuoneka, zovala zimakhala zitapserera, mapindo ndi zopeta zonse zitasowa. Chida choyenera ndi Shadows, chimene chimawalitsa malo amdima okha, pamodzi ndi Highlights, chimene chimabweza malo owala mopitirira. Zonse ziwiri zimapezeka mu GIMP, mu Photoshop ndi mu Snapseed. Kwezani Shadows pang'onopang'ono mpaka maso aoneke, tsitsani Highlights mpaka mapindo a mkanjo abwerere, kenaka onjezerani Contrast pang'ono chifukwa chithunzi chokwezedwa mithunzi chimaoneka chotuwa ngati chagwera phulusa. Wodziwa bwino amagwiritsa ntchito Curves, pokweza pakati pa mzere wake ndi kusiya nsonga zake ziwiri pamalo pake. Ngati nkhope imodzi yokha ndiyo ili mumdima, chida cha Selective mu Snapseed chimawalitsa pamene mwaloza pokha.

Dziwani polekezera. Cholinga ndi chakuti munthu aoneke monga ankaonekera tsikulo, osati kumusintha khungu. Mafoni ena ali ndi zida zokongoletsa nkhope zimene zimayeretsa khungu ndi kusalaza makwinya popanda kufunsa, kotero agogo a zaka 80 amatuluka ngati chidole. Zida zimenezi zizimitsidwe musanajambule mwambo wa mpingo. Dziwaninso kuti pamene papserera n'kuyera mbee palibe chobweza, chifukwa kamera sinasunge kalikonse pamenepo. Mthunzi umakonzeka koposa kupserera, ngakhale kuti ukakwezedwa kwambiri umatulutsa timadontho ngati mchenga.

Mtundu wa chithunzi nawonso umasokonezeka ndi nyale. Mababu ena amachititsa chithunzi kukhala chachikasu, machubu ena amachipatsa kubiriwira, ndipo mazenera a magalasi amitundu amapaka anthu mitundu yawo. Mankhwala ake ndi White Balance. Mu zida za Levels kapena White Balance muli kachizindikiro kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Mukadina nako pa chinthu chimene mukudziwa kuti ndi choyera kapena chotuwa, pulogalamu imawongola mitundu ina yonse potengera pamenepo. Apa zoyera za m'tchalitchi zija zimasanduka bwenzi: nsalu ya pa guwa imathandiza, bola musankhe pamene siinapserere. Saturation, imene imakometsa mitundu, igwiritsidwe ntchito mosamala. Nsalu za Amayi Akatolika ndi zowala kale.

Chithunzi cha chimbuuzi, chimene dzanja linagwedezeka pojambula, sichichira ndi Sharpen. Chidachi chimangonola m'mphepete mwa zinthu zimene zikuoneka kale bwino.

Mapikiseli, WhatsApp ndi kusindikiza

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiseli. Kuchuluka kwake ndiko kumanena kukula kumene chithunzi chingasindikizidwe popanda kuphwanyika. Osindikiza amafuna mapikiseli pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Motero chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna mapikiseli 1200 kwa 1800, ndipo tsamba lathunthu la A4 limafuna 2480 kwa 3508. Foni ya mamegapikiseli 12 imajambula pafupifupi 4000 kwa 3000, kutanthauza kuti ndi yokwanira kudzaza tsamba la kalendala ya parishi.

Nanga bwanji makalendala ena amatuluka ndi nkhope za timabokosi? Kawirikawiri chifukwa chake ndi njira imene chithunzicho chinayendera. WhatsApp imachepetsa chithunzi chilichonse chotumizidwa mwa nthawi zonse, kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo Facebook nayo imachita chimodzimodzi. Chithunzi chikachoka kwa wojambula kupita kwa mlembi wa mphakati, mlembi n'kuchijambulanso pa sikirini, n'kutumiza kwa katekisiti, chimafika ku ofesi ya parishi chitafota. Pa foni chimaonekabe bwino chifukwa sikirini ndi yaing'ono. Manyazi amadza chikatuluka pa pepala. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi batani la HD limene limachepetsako vutoli, koma njira yotsimikizika ndi kutumiza chithunzi ngati Document, pakuti chikatero chimafika monga chinachokera. Bandulo imapita yochulukirapo, choncho sankhani zisanu zabwino m'malo motumiza makumi asanu. Amene ali pafupi angokopera ndi chingwe kapena fulashi.

Kukulitsa chithunzi chaching'ono mu pulogalamu sikubweza zimene zinatayika. Kusintha nambala ija kuchoka pa 72 kupita pa 300 popanda mapikiseli okwanira n'kungodzinamiza. Funsani wojambula akupatseni choyambirira. Koma chinsalu chachikulu chopachika pa msewu, monga cholengeza chikondwerero cha parishi, sichifuna 300, popeza anthu amachionera patali. Mapikiseli 100 pa inchi amakwana.

Pa tsamba la intaneti zinthu zimatembenuka: chithunzi chichepetsedwe. Mapikiseli 1200 mpaka 1600 m'litali ndi okwanira, ndipo mkhristu wa ku nthambi amene netiweki yake ndi yofooka adzathokoza. Pochepetsa, onetsetsani kuti kachizindikiro ka unyolo kapena loko pakati pa utali ndi mulifupi n'kolumikizidwa. Kakamasuka, anthu amatuluka ofupika ndi onenepa, kapena aatali ngati nsungwi. Mu Word, kokani chithunzi pa ngodya, osati m'mbali.

Mitundu ya pa pepala simafanana ndendende ndi ya pa sikirini, chifukwa sikirini imawala yokha ndi mitundu itatu ya RGB pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK. Zotuluka zimadera pang'ono, ndipo buluu ndi zobiriwira zowala zimazilala. Pemphani tsamba limodzi loyesera musanalamule mazana. Ngati kalata ya parishi ichulukitsidwa pa fotokope, sandutsani nokha zithunzizo kukhala zakuda ndi zoyera ndi kuziwalitsa kuposa mmene mukanafunira, pakuti fotokope imadetsa nkhope.

Pamene pulogalamu yakana

Burashi kapena chofufutira chikaleka kugwira, kawirikawiri pulogalamu sinaonongeke. Mapulogalamu a pa kompyuta amasanjikiza ntchito m'magawo otchedwa layer, amene ali ngati mapepala oonekera oikidwa lina pamwamba pa linzake: chithunzi pansi, mawu pamwamba, chizindikiro cha parishi pamwamba pake. Chida chimagwira pa layer imene yasankhidwa yokha, ndipo sichigwira ngati layer imeneyo ndi yokhomedwa kapena yobisidwa. Chifukwa china ndi chakuti penapake patsala kachigawo kosankhidwa, kozunguliridwa ndi timizere toyenda ngati nyerere, mwina kakang'ono kosaoneka msanga. Kunja kwa kachigawoko chida sichilemba. Mu Photoshop dinani Ctrl ndi D, mu GIMP dinani Ctrl, Shift ndi A. Mu Photoshop, burashi ikasanduka kamtanda m'malo mwa kabwalo, ndiye kuti Caps Lock yayatsidwa. Ndipo cholakwa chilichonse chimabwezedwa ndi Ctrl ndi Z.

Chizindikiro cha parishi kapena cha bungwe chikamaoneka ndi bokosi loyera kumbuyo, ndiye kuti chinasungidwa ngati JPEG, imene sisunga malo oonekera. Chisungidwe ngati PNG. Mu GIMP, chofufutira chikamapaka mtundu m'malo moboola, dinani Add Alpha Channel poyamba.

Photoshop ikalemba kuti scratch disk yadzaza, ikudandaula za malo: imabwereka malo opanda kanthu pa kompyuta kuti igwirirepo ntchito, ndipo atha. Samutsani mafilimu ndi nyimbo, khuthulani Recycle Bin. Kompyuta yakale ikamachedwa, tsekani mapulogalamu ena ndi kutsegula zithunzi zochepa nthawi imodzi. Fumbi la m'chilimwe likatseka mabowo opumira, imatenthanso n'kumazima yokha. Zithunzi za pa iPhone zimene zikukana kutseguka zimakhala za mtundu wa HEIC, umene mafoniwa anayamba kugwiritsa ntchito mu 2017. GIMP ya masiku ano imazitsegula, kapena mwini foni asankhe Most Compatible m'makonzedwe a kamera kuti izijambula JPEG.

Polemba mawu pa chithunzi, mitundu ina ya zilembo ilibe chilembo cha ŵ, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi. Amene amalemba Malaŵi ndi chilembo chimenechi asinthe mtundu wa zilembo, monga kupita ku Arial kapena Times New Roman. Werenganinso kawiri maina a ansembe ndi masiku musanatulutse JPEG, chifukwa mawu akamatirira ku chithunzi sasinthikanso. N'chifukwa chake fayilo ya XCF kapena PSD isatayidwe.

Za magetsi sitifunika kukumbutsana: dinani Ctrl ndi S pafupipafupi. Fulashi imene yapita ku malo osindikizira ifufuzidwe isanatsegulidwe pa kompyuta ya parishi. Pali vairasi yofala imene imabisa mafoda n'kuika tinjira tachidule m'malo mwake. Zithunzi zimakhala zilipo ndithu, zangobisika, choncho musathamangire kufufuta fulashi yonse.

Polekezera kukonza

Kuwalitsa, kudula ndi kuwongola mtundu kumathandiza chithunzi kunena zoona momveka. Kuchotsa munthu amene analipo, kuikamo amene kunalibe, kapena kuchulukitsa khamu kuti mwambo uoneke waukulu, kumachititsa chithunzi kuchitira umboni wonama. Pa khadi la chikondwerero, pamene aliyense akuona kuti zithunzi zalumikizidwa, palibe vuto. Pa nkhani, pa lipoti lopita kwa othandiza chitukuko, kapena m'nkhokwe ya mbiri ya parishi, siziyenera kuchitika.

Nkhaniyi yakula chifukwa cha mapulogalamu a AI. Mu Marichi 2023 dziko lonse linaona chithunzi cha malemu Papa Fransisko atavala chijasi choyera chofufuma. Ambiri anakhulupirira, koma chinali chopeka, chopangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Mu uthenga wawo wa tsiku lofalitsa nkhani la mu 2024, Papa yemweyo anachenjeza za zithunzi ndi mawu opeka otere, n'kunena kuti iwonso zinawachitikira. Zida zimene zimalonjeza kuyeretsa nkhope ya chimbuuzi zimagwira ntchito mofananamo: sizipeza nkhope yeniyeni imene inatayika, koma zimapeka ina yoyandikira. Achibale amatha kulandira chithunzi chosalala bwino cha munthu amene si mayi awo.

Zithunzi za ana zisaikidwe pa intaneti popanda chilolezo cha makolo, ndipo odwala kapena olandira thandizo afunsidwe kaye. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la mu 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA. Kumbukiraninso kuti fayilo ya chithunzi imasunga tsiku, mtundu wa foni, ndipo nthawi zina malo enieni amene chinajambulidwira. GIMP imapereka mwayi wochotsa zimenezi pa nthawi ya Export As. Chithunzi cha wojambula wina chisagwiritsidwe ntchito popanda kumupempha, ndipo kufufuta dzina lake pa ngodya ndi kumubera.

Zithunzi zakale

Pa 4 Meyi 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatera pa bwalo la ndege la ku Chileka poyamba ulendo wawo wa m'Malawi. Zithunzi zamitundu za m'zaka zimenezo, kaya za ulendowo, za maukwati kapena za kumanga matchalitchi a ku nthambi, zambiri zafiira kapena zasuluka. Izi zimachitika chifukwa utoto wa m'pepala la chithunzi ndi wamitundu itatu, ndipo susuluka mofanana. Umodzi ukatha msanga, otsalawo amalamulira. Kutentha, chinyontho, chuku ndi chiswe zimamaliza ntchitoyo, ndipo namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anaonetsa mmene katundu wa m'nyumba angathere usiku umodzi.

Chithunzi chakale chiikidwe pa sikana pa 600, osati 300, kuti chidzathe kukulitsidwa. Pukutani galasi la sikana, ndipo sungani fayilo yoyamba ngati TIFF kapena PNG, mitundu imene sitaya kanthu. Popanda sikana foni ingathandize: yalani chithunzi pa khonde pamthunzi, zimitsani kuwala kwa kamera, ndipo gwirani foni molunjika pamwamba pake kuti chisapendeke. Kufiira kuja kumachepa ndi White Balance kapena Levels, potengera kolala yoyera kapena khoma loyera la m'chithunzimo. Zipsera ndi ming'alu zimachotsedwa ndi Heal kapena Clone, zimene zimatenga kachigawo kabwino kapafupi n'kuphimba nako poonongeka. Pa khoma, pa thambo ndi pa zovala gwirani momasuka. Pa nkhope samalani kwambiri. Mng'alu wodutsa pa diso ndi bwino kuusiya kusiyana ndi kumupatsa munthu diso limene silinali lake.

Chithunzi chonyowa chisapukutidwe ndi nsalu, chisayanikidwe padzuwa kapena kusitidwa. Chiyalidwe chagada pamthunzi podutsa mphepo. Zomatirirana kapena zomatirira ku galasi la felemu zisakokedwe mokakamiza. Zijambuleni kaye ndi foni monga ziliri.

Fayilo iliyonse ipatsidwe dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka malo ndi mwambo, mwachitsanzo 2025-06-22 Lirangwe Ukaristia woyamba, kuti kompyuta izisanja yokha motsata nthawi. Zisungidwe m'malo awiri osiyana, monga pa kompyuta ya parishi ndi pa chosungira china chokhala ku nyumba ina. Kumbuyo kwa chithunzi cha pepala lembani ndi pensulo yofewa, osati bolopeni imene imaboola ndi kudontha. Maina a anthu a m'zithunzi za m'ma 1970 ndi 1980 akufunika kufunsidwa kwa akuluakulu a mpingo ndi makatekisiti opuma, ndipo tsiku labwino lochitira zimenezi ndi Lamulungu Misa ikatha, zithunzizo zitayalidwa pa tebulo ndipo mlembi ali pomwepo ndi kope lake.